Chilembo Chosatchulidwa

Ndinabadwira m'Chingerezi kuno ku Hull
ndipo ndakalambiramo,
zaka makumi atatu ndikulongedza nsomba m'makatoni ozizira.
Ndinkati chinenero changa ndimachidziwa
monga phazi lidziwira masitepe a pakhomo mumdima.

Kenako anamutenga Callum, Lachiwiri m'mamawa,
mvula ikuwaza, sokosi imodzi kuphazi.

Loya wake, Mayi Ashdown, wa magalasi omata ndi tepi,
anandikhazika pabenchi la kupolisi.
Musawasokoneze mawuwa, anatero,
ndi apachibale koma sadyera mbale imodzi.
Pepala analibe.
Anandilembera kuseri kwa lisiti yanga ya mkaka.

Accuse.
Awa ndi a aliyense.
Mlonda wa padoko anangotukula chala
nati ndi uyu, ndinamuona ndi mawaya a kopa paphewa.
Chala sichifuna chidindo.
Inenso ndamulozapo mwanayu kambirimbiri:
wamaliza shuga ndiwe,
watenga ndudu m'jekete la malemu bambo ako ndiwe.
Sindinkadziwa kuti ndikusewera ndi mpeni.

Charge.
Apa ndinaseka, Mulungu andikhululukire.
Si mawu omwewa timatchajira foni usiku?
Si omwewa amatitchajira basi, magetsi, bokosi la maliro?
Koma akawanena sajenti ali kuseri kwa kauntala
makina amalavula pepala lofunda,
ndipo dzina limene ndinasankha ndekha, thukuta lili kamukamu m'chikuta,
limapatsidwa nambala.

Prosecute.
Tsopano si mlonda uja ayi.
Iye wabwerera kukakhala m'kanyumba kake, akumwa tiyi.
Amene akumuthamangitsa ndi boma lonse lathunthu,
chisoti chachifumu chikulimbana ndi Callum Drewery,
mnyamata amene dzira limamupserera m'chiwaya,
amene mpaka lero amaopa agalu.

Indict.
Ndinawerenga monga analembera.
Ayi, anatero loya, c ameneyo satchulidwa.
Amangokhala pakatipo, duu.
Nanga n'kumuikiranji?
Anakweza mapewa. Anamulowetsamo akale, ndipo sanachokenso.
Tanthauzo lake: mlandu wakula,
wasamukira kubwalo lalikulu la oweruza ovala mawigi,
walembedwa mutu ndi mutu.

Panali enanso, arraign,
tsiku lomuimika m'bokosi la galasi ngati nsomba yogulitsa,
kumuwerengera zonse, n'kumufunsa: ukuvomera kapena ukukana?
Anakana.
Mawu ake anatuluka aang'ono,
suti yobwereka kwa msuweni wake itamumeza manja.

Ndinafunsa ngati alipo mawu omasula mfundo zonsezi.
Alipo, anatero, koma amodzi okha.
Malo anali atatha palisiti,
ndiye anawapanikiza m'mphepete, mopingasa: acquit.
Mlandu udzalowa mu Malichi.

Lisitiyo ili m'kachikwama kanga ka ndalama.
Mtengo wa mkaka unafufutika kale
koma inki ya loya ikadali bii.
Ndimaitulutsa m'basi nambala 56,
milomo ikuyenda yokha ngati ya mwana woloweza.

Chimene sindinamuuze Mayi Ashdown ndi ichi.
Loweruka lija ndinalowa m'kashedi kufuna fosholo,
ndipo kuseri kwa zitini za penti
ndinapeza makoko a pulasitiki, ofiira ndi abuluu,
osendedwa bwinobwino, mulu wofika m'bondo,
mkati mwake mulibe kanthu.
Ndinawathira m'matumba akuda atatu.
Galimoto ya zinyalala imabwera Lolemba.

Ndafufuza m'dikishonale ya kulaibulale ya ku Hessle Road
mawu a zimene amachita mayi
amene waona, wasesa, n'kukatereka ketulo.
Mwina alimo. Sindinafike nawo patsamba lake.

Mu Malichi ndidzakhala pabenchi lachitatu,
chikhoti chotuwa, chikwama pamiyendo,
pakati penipeni pa mlandu wonse.
Aliyense adzandiona kuti ndilipo.
Kalaliki akadzaimirira kuwerenga
adzandilumpha monga amalumphira c uja,
ndipo ine ndidzamuthokoza mumtima.