Sikelo ya Mayi Qiu

Ku Belvedere, kuseri kwa sitolo ya matayala,
ndimayeza maluwa ouma pa sikelo yamkuwa
yaing'ono ngati chivindikiro cha botolo.
Mayi Qiu anandilemba ntchito yosesa.
Chaka chachitatu chino, ndine woyeza.

Tsiku loyamba anandimenya kadzanja
nditatapa maluwa ndi chikhatho chonse
ngati ndikugulitsa matemba pa Mbare.
Asanu, anatero. Ukachulutsa, asanu ndi awiri.
Kapu si dimba.

Juhua, duwa lachikasu lonunkhira udzu wamame,
amati ndi la maso otentha, la mutu wowira
wa munthu amene waphikidwa m'kombi mu Okutobala.
Koma sapereka asanaone lilime,
asanagwire pamkono ndi zala zitatu
n'kukhala duu, ngati akumvetsera za chipinda china.
Wa m'mimba mozizira, wotsegula pafupipafupi,
amabwerera ndalama zake zili m'thumba.
Ena amatukwana akafika pakhomo.

Ine zinandilowa mochedwa, kudzera mwa malume a Bwanali,
telala wa ku Mufakose, wothamanga magazi.
Ndinawatengera gancao, muzu wotsekemera uja,
ndikuti ndi zitsamba chabe izi, sizipweteka.
Anaukonda. M'mawa, masana, pogona,
shuga wakwera mtengo, uwu ndi waulere.
Milungu itatu, nsapato zinawakana.
Phazi lopondera makina linafufuma ngati mkate.
Namwino anafunsa, kupatula mapiritsi mukumwanso chiyani?
Iwo anati palibe. Tiyi basi.
Ine maso pansi. Simenti ya pakiliniki inali ndi mng'alu
wopindika ngati muzu womwewo.

Mayi Qiu sanakalipe nditaulula.
Anangotenga gancao pa shelefu yapansi
n'kuuika pamwamba, pofunika mpando kuti ufikepo.
Pokwera mpandowo munthu umakhala ndi nthawi yofunsa.

Tsopano mphuno yanga yachenjera.
Maluwa oyera mbee kuposa mmene dzuwa limaumitsira,
onunkha machesi, ndimawabweza ndi katoni yake.
Dzinja likalowa ndimatsegula botolo lililonse
kusaka nkhungu, imene imayamba ngati fumbi losalakwa.
Tiyi wogonera ndimathirira jakaranda wapakhomo,
amwe iye, ali ndi mimba yolimba.

Lachinayi lapitali kunabwera Ruvarashe,
wometa tsitsi pa Copacabana, dzina lake lomwe ndi duwa.
Anandionetsa chithunzi pa foni:
honghua, timaulusi tofiira ngati moto wa mbaula.
Msana, anati, ndimaima tsiku lonse,
mnzanga akuti izi zimayendetsa magazi.
Mayi Qiu anali atapita ku banki.
Ndinakwera pampando, ndinatsitsa botolo,
timaulusi tinagwera m'mbale yamkuwa mopanda phokoso.
Pamenepo ndinaona batani la siketi lomasula,
ndi dzanja lake, losadziwa kuti likuonedwa,
litapuma pansi pa mchombo.

Miyezi ingati?

Anayang'ana kukhomo. Iwiri.
Sindinauze munthu, ngakhale mwini wake.

Ndinabwezera timaulusi m'botolo, kamodzikamodzi,
tina tikukakamira zala zathukuta.
Izi zimayendetsa magazi ndithu, ndinati,
ndipo sizifunsa kuti ndi magazi a yani.

Anakhala pa benchi. Ndinampatsa madzi ofunda, opanda kanthu,
anamwa ngati ndi mankhwala.
Panja kondakitala ankakuwa za ku Warren Park,
magetsi anathima, jenereta ya amatayala inatsokomola.
Anatulutsa dola yofewa ngati sanza
kuti alipire madziwo. Ndinakana.

Ndiye ndimwe chiyani, anafunsa.
Sindikudziwa, ndinayankha,
ndipo mawu amenewa ndinawaphunzira pa mapazi a malume.
Mawa ulawire kwa anamwino, ukawauze zonse,
ndi za msanazo, ndi za pa fonizo.
Sikelo yako ili kumeneko.
Ino ndi ya maluwa.

Atapita ndinapukuta mbale yamkuwa.
Kaulusi kamodzi kanatsalira m'mphepete,
kopepuka moti singano sinagwedezeke.
Ndinakabwezerabe.