Chitini cha Pansi pa Bedi

Chaka chimene kwacha inagwa chagada
fakitale ya nsalu ku Makata inalavula bambo
ndi kalata imodzi ndi malipiro a mwezi ndi theka.
Lamulungu lotsatira anavalabe malaya oyera,
kolala yotembenuza kawiri,
nakaima pamaso pa anthu khumi ndi asanu ndi anayi
m'nyumba ya lendi ku Zingwangwa
imene ife tinkaitcha tchalitchi.

Ankawatchula Pulezidenti Makwinja.
Pulezidenti wopanda galimoto, wopanda malipiro,
wa kanthambi ka Oyera Mtima
kamene anansi ankakanong'ona pa mpopi:
a Momoni aja, osamwa tiyi aja,
akuti ndalama zawo zimabwera usiku.
Amayi ankaseka akusenza ndowa:
zikanamabwera usiku bwenzi m'mawa tikuziona.
Tiyi tinasiyadi chifukwa cha chikhulupiriro.
Shuga tinasiya pa zifukwa zina.

Kenako Tikhale anayamba kutupa.
Mapazi, kenako zikope,
mpaka mwana wa zaka zisanu ndi ziwiri
anavala nkhope ya mlendo.
Ku Kwinzi anamugoneka bedi limodzi ndi mwana wa ku Chileka
natipatsa kapepala: ndi impso,
mankhwala kuno atha, kaguleni ku Limbe.

Makina osokera a amayi anapita.
Wailesi inapita.
Wakatapila wa ku Chimwankhunda anadziwa khomo lathu
kuposa amalume.

Ku makiyi a bambo kunkalendewera kabotolo ka mafuta opatulika.
Dontho limodzi pa liwombo la Tikhale,
manja onse awiri pamutu,
mawu apansipansi kuti odwala ena asadzuke.
Ine maso sindinatseke.
Ndinkayang'ana kapepala kaja m'thumba la malaya awo,
kopindika, konyowa ndi thukuta.

Pansi pa bedi lawo panali chitini cha mabisiketi,
m'kati mwake maenivelopu a chakhumi:
cha mlonda wa ku Namiwawa,
cha mayi Nachisale ogulitsa makala ku Manje,
tambala iliyonse yolembedwa m'kaundula.
Si zathu, ankatero bambo,
ife ndife njira chabe, zikudutsa.

Lachinayi ndinatsegula.
Makwacha mazana atatu.
Mu minibasi ya ku Limbe ndinazifumbata
ngati khala lamoto,
ndipo pobwerera ndinanamiza amayi kuti ndi za aphunzitsi anga.
Sanafunse dzina la aphunzitsiwo.

Loweruka bambo anawerenga chitini pa koloboyi.
Anawerenganso.
Ananyambita chala, nawerenga kachitatu.
Ine ndinali pa mkeka, msana kwa iwo,
kupuma ngati wogona.
Ndinamva chivundikiro chikutsekeka,
mwakachetechete, ngati wopewa kudzutsa munthu.

M'mawa njinga panalibe pakhoma.
Tinayenda wapansi, iwo patsogolo,
fumbi la Soche likudetsa nsapato.
Linali tsiku losala kudya,
ndipo kwa ife silinasiyane ndi dzulo lake.
Abale ankaimirira mmodzimmodzi:
ndikudziwa, ndikudziwa, ndikudziwa kuti n'zoona.
Bambo anaimirira komaliza,
nagwira thebulo.
Abale, lero sindikudziwa zambiri.
Ndikudziwa kuti mwana wanga wakodza usiku wathawu.
Anakhala pansi.
Mayi Nachisale anati ameni yekha, mochedwa.

Tikhale anakhala.
Anadya mango a nyengo ziwiri,
anaphunzira kulemba dzina lake lonse
ndi kundilalatira.
Yachitatu mango anapsa iye kulibe.

Bambo anayenda wapansi zaka khumi ndi chimodzi,
ku maliro, ku chipatala, kukasaka ganyu ku Maselema,
osafunsa.
Inenso osanena.
Mawu aja tinkangopatsirana ngati mchere patebulo
popanda woyang'ana mnzake.

Chitini chili kwanga ku Bangwe tsopano,
mwadzaza mabatani ndi singano.
Pansi pake pali tsamba long'ambika m'kaundula,
zilembo zawo zopendekera kumanja:
Zosowa, 300.
Zabwezedwa, 300.
Pa mzere wa dzina la wotenga
analembapo lawo.