Chala Choyera pa Kwachena

Lole ya Bonifasiyo yafera ku Matundo dzulo madzulo.
Akuti chitsulo chake chichokera ku Beira, mwina Loweruka.
Ndiye ndili pano pa Kwachena, ine Jenoveva wa ku Ulongwe,
ndakhalira thumba la kachewere loyamba kale kuchita thukuta.
Khadi lili m'kamisolo, lanyowa.
Pachithunzipo ndine ndemwe, masaya ali tofutofu,
tsiku lolembetsa lija kunali chisanu cha kwathu.

Kuno dzuwa silituluka, limachita kugwa pamutu.
Ogula lero akubwera mmodzimmodzi,
aliyense chala chili bii,
chala chomwecho n'kumatembenuzira mbatata yanga,
n'kumandiloza nacho kuti ndakweza mtengo.

M'mawa ndinapita pa sukulu ili kuseri kwa msikawu.
Ndinaima pamzere ngati munthu.
Mnyamata wovala chikwangwani pachifuwa anatsegula buku,
kutsika nalo, kukwera nalo, kunyambita chala, kutsegula lina.
Amayi, dzina lanu lili ku Ulongwe.
Ndinati mwanawe, komwe kuli dzina langa ndikukudziwa,
koma mwini dzina ndi uno waima apa.
Anaseka mwaulemu. Wotsatira!

Chapa ilipo, inde, ikuitanira pa siteji.
Nanga matumba makumi atatu ndisiyire yani?
Theka lake ndi ngongole ya a Nangozo,
ndipo a Nangozo salandira chala chakuda m'malo mwa ndalama.

Kalisto, mphwanga woyendayenda uja, anandiuzapo
kuti kwina voti amaipinda ngati kalata,
kumata ndi malovu, iyo n'kupita yokha kwawo,
mwiniwake ali pa ntchito kapena ali gone m'chipatala.
Kaya n'zoona, kaya ndi za Kalisto.
Koma ndalama ndimatumiza pa foni, ndisanaphethire yafika.
Uthenga wa maliro a malume unandipeza pakati pa mlatho wa Zambezi.
Mawu anga okha ndiwo alibe miyendo?

Sindifuna zambiri.
Ngalande ya kuseri kwa msika wathu
imene inameza mbuzi ya Dorotiya ndi nsapato ya mwana wanga.
Mpopi wa m'dera lathu umene ukutsokomola mpweya chaka chachitatu.
Nyali imodzi pa njira ya ku chigayo, imodzi yokha,
atsikana azibwerako osathamanga.
Amene ndinamusankha ndikumudziwa,
ndinamusankha kalekale ndikupalira, osauza ngakhale bambo a kunyumba.

Wamsonkho yekha ndiye sanandisowepo.
Lero lomwe wandipeza, kabuku m'manja,
sanafunse kuti ndinalembetsera kuti.
Wang'amba kapepala, watenga zake, wapita.

Paja amati fodya wako ndi amene ali pamphuno,
wapachala ndi wa mphepo.
Wanga sanafike n'pachala pomwe.

Masana ndamuimbira Luwiza.
Ndati ukaponya yako usathamangire kutuluka,
usuzumire m'bukumo, pa mzere wa amako.
Pakhale poyera.
Ngati sindinalankhule ine, asandilankhulire wina.
Wati amayi inu, mafoni salola m'katimo, komanso mayunitsi akutha.

Tsopano kwada, kutentha sikunamve kuti kwada.
Mawayilesi ayamba kuwerenga manambala a matauni ena.
Ku sukulu ya kwathu panopa atsanula bokosi pa tebulo,
akukweza pepala lililonse m'mwamba, kutchula mokweza,
choko chikulemba timizere pa bolodi.
Kamzere kamodzi sikalembedwa.
Palibe adzadziwe kuti kakusowa, koma ine.

Wogula womaliza wandipatsa ndalama yapepala
ili ndi chidindo cha chala chake pakona, inki yosaumitsitsa.
Ndapakapo changa, ndatikita, ndatikitanso.
Sinandigwire.
M'zikhadabo muli dothi la ku Angoniya lokha,
limene ndabwera nalo.