Miyeso ya Damiyano Chikuse

Ndili ndi kope la miyeso, lothimbirira,
pansi pa makina anga, pakhonde la sitolo
moyang'anana ndi njanji ya ku Salima.
Tsamba la Damiyano Chikuse ndi lofufutafufuta kuposa onse.

Chiuno: mainchesi makumi atatu.
Apo n'kuti atangobwera kumene ndi pepala la zamalamulo,
mwana wa mlembi wa pasikelo ya thonje,
khosi lowonda ngati sipoko ya njinga.
Ankafuna mkanjo wakuda wa kukhoti, ndalama zosakwana.
Ndinati, tenga, udzalipira ukadzawina.
Analipira itatha miyezi isanu,
ndi nkhuku ziwiri zochokera kwa mayi wamasiye wa ku Khombedza
amene alamu ake ankafuna kumulanda dimba.

Chaka chimene khonsolo inagwira njinga za akabaza
n'kuziunjika kuseri kwa ofesi ngati nkhuni,
iye anaima masiku atatu pamaso pa majisitireti,
thukuta la Okutobala likudonthera pamapepala.
Njinga zinatuluka. Mabelu analira mpaka kudepoti.
Usikuwo wina anakuwa, loya akhale khansala!
Anali mawu a pamowa,
koma anamera.

Chiuno: makumi atatu ndi anayi.
M'chipinda cha khonsolo anapeza kuti mulibe woweruza.
Kukhoti ukanena zoona pali wina wogamula;
muno amangowerenga manja,
ndipo dzanja limayamba laona amene wanyamula alawansi.
Ngalande ya kumsika anaipempha kasanu ndi kawiri,
mlembi n'kumangolemba, nkhaniyi idzakambidwanso.
Lamulo loti wotolera ndalama za msika azipereka lisiti
linadutsa ndi voti imodzi,
chifukwa wotsutsa wina anali atatuluka kukataya madzi.

Mbandakucha pakhomo pake pankakhala mzere:
uyu bokosi la maliro, uyu fizi, uyu malata awiri.
Iye amati, ntchito yanga ndi kupanga malamulo.
Iwo amati, nanga malamulowo tiikamo mtembo?

Chiuno: makumi anayi.
Sindibisa, tepi sinama.
Misonkhano ya kumahotela inamukhala bwino,
anayamba kutuma mnyamata kudzatenga zovala.
Ndipo puloti ya pafupi ndi chipatala itagulitsidwa mwakachetechete
dzanja lake silinakwere kuvomereza,
komanso pakamwa pake sipanatseguke.
Nditamufunsa, anandifunsa mtengo wa mabatani.

Chisankho chachitatu anagwa ndi mavoti makumi anayi ndi imodzi
kwa wogulitsa simenti amene anagawa shuga ndi zitenje.
Zitenjezo ndinasoka ndine, ana anga amadyanso.
Ngalande inakumbidwa chaka chotsatira,
pachikwangwani dzina la wina.
Madzi sadziwa kuwerenga, amangodutsa.

Dzulo wabwera wapansi, imvi m'makutu,
mkanjo uja uli m'jumbo, njenjete zitadya paphewa.
Akuti Lachinayi kuli mlandu:
amayi a tomato awathamangitsa m'mbali mwa msewu
pogwiritsa ntchito ndime yachitatu
ya lamulo limene analemba yekha ndi dzanja lake.
Ndikudziwa pamene pali poboola, wandiuza,
ndine ndinaiwala kutsekapo.

Ndamukulunga tepi ngakhale mkanjo sufuna chiuno.
Makumi atatu ndi awiri.
Ndafufuta, ndalembanso, pepala latsala pang'ono kubooka.
Wafunsa mtengo.
Ndati, udzalipira ukadzawina.
Waseka mpaka kutsokomola, wakhala pabenchi
pakati pa yunifolomu ya mwana wasukulu ndi diresi laukwati,
ine ndanyowetsa ulusi ndi malovu,
ndatembenukira kowala,
maso angawa akusakasaka bowo la singano.