Cholowa Chimalowa

Sinki yathu inayamba kulankhula mu Juni,
mphepo ya ku Domwe itatsikira mu Ulongwe ndi mano ake.
Ndikakhuthula madzi otsukira mbale
pansi pake pankamveka ngati mbuzi yotsamwa chitsononkho,
kenako zii,
kenako fungo la kudzenje
n'kulowa m'khitchini ngati mlendo wodziwa njira.
Ndinathira phulusa, mandimu, madzi owira.
Odete wanga analeka kulowako dzuwa likapita.

Mesitiri Abiliyo anabwera pa njinga yamoto,
sipanala m'thumba, pensulo kukhutu.
Anagwada n'kumvetsera paipi ngati namwino pamimba.
"Mayi, iyi ikubanika.
Onani chigongono ichi. Mumatsala madzi pang'ono,
ndiwo chitseko chotchinga fungo.
Koma madzi ambiri akamatsika amakoka mpweya m'mbuyo mwawo,
akausowa amayamwa a m'chigongonowa,
khomo n'kutsala pululu.
Tiboole denga, paipi ikapumire kumwamba."

Jerivaziyo anali pakhomo, manja kumbuyo.
"Denga ayi."
Mawu awiri. Tsiku limenelo anatipatsa ambiri.
Malatawo ndi ndalama yake yomaliza ya ku Moatize,
ya tsiku lomwe anasiya chisoti ndi jombo pageti la mgodi.
Anawakhoma yekha, akuwerenga misomali.
Chibwerereni, mawu ake ndi ogula.

Mesitiri sanalimbane naye.
Lachinayi anabwera ndi kanthu koyera, kofanana ndi kapu ya tiyi,
kamene anaitanitsa pa minibasi ya ku Tete.
Anadula paipi kuseri kwa chigongono, naikapo mphanda,
nakweza kapaipi kupitirira chikhatho,
nakakhazika pamwamba, chilili.
"Kasapendekeke.
Musakakwirire ndi nsanza kapena thumba la kachewere,
nako kamafuna mpweya.
M'kati muli kalilime ka labala.
Madzi akakoka kamadzuka, mpweya n'kulowa.
Akatha kamagwa kokha, n'kutseka.
Cholowa chimalowa. Chotuluka palibe."

Ndinadzaza sinki mpaka m'milomo, n'kuzula chotsekera.
Madzi anapita ngati munthu wopanda ngongole.
Ndinatchera khutu:
fuu, kampweya ka khanda logona,
basi.

Jerivaziyo anawerama, nakayang'ana nthawi yaitali,
ngati wakumana ndi mbale wake pamsika wachilendo.

Pachipata, akupinda mametikali ake,
Mesitiri anatsitsa mawu.
"Kavalavu kaja kamangodziwa kumeza.
Nyumba yonse singakhulupirire iko kokha.
Paipi ija yakale yoloza kumwamba, kuseri kwa bafa,
mpheta zamangamo.
Muchotse chisacho.
Mpweya wa pansi ukasowa potulukira
umabwerera ndi thovu m'chimbudzi,
nthawi zambiri alendo ali pabalaza."
Analiza njinga, natisiyira utsi.

Ndinauza Jerivaziyo za mpheta zokha.

Madzulo tinabwereka makwerero kwa a Lukeresiya,
aja osowa mtanda wachitatu.
Iye pamwamba, ine pansi, nditagwira.
Udzu unandigwera m'maso, nthenga, ulusi wa thumba,
chigoba cha dzira la chaka chatha.
Anapisa mkono mpaka m'chigongono,
fungo linatuluka, mphepo n'kulitenga kulowera kumunda wa eni.

Sanatsike msanga.
Anakhala pomwepo, msana kwa ine,
dzanja likusisita lata lozizira.
"Filomena," anatero, osacheuka,
"tsiku lija pageti
anaitana mayina ndi pepala, ngati kuchipatala.
Langa linali lachinayi.
Ndinayankha kuti zikomo."

M'nyumba Odete ankatsuka makapu yekha, nyali isanayatsidwe.
Ndinamva madzi akutsika.
Sindinayankhe.
Ndinaponda mtanda wapansi ndi phazi,
n'kugwiritsa makwerero,
kudikira kuti mwina kukubwera ena.