Diso Limodzi

Loweruka m'mamawa minibasi inatitula pothera tala,
kuseri kwa Michiru, fumbi la Okutobala lili m'mano.
Tinali atatu:
ine, telala wa pakhonde ku Limbe,
Esinati mkazi wanga, atangoweruka ku wodi ya usiku,
ndi Mtisunge wa zaka khumi ndi zitatu,
amene anatikokera kuno ndi kapepala kochokera kusukulu.

Bambo Khoromana sanayambe ndi mfuti.
Anayamba ndi chingwe chofiira, nachiyala pansi.
"Malire ndi awa. Wodumpha azipita kwawo."
Ola lathunthu mfuti zili gone patebulo
ngati ana odwala malungo,
iwo akungobwereza mawu omwewo:
"Mfuti sidziwa chisuweni.
Ngakhale ikhale yopanda kanthu, muziyiyesa yodzaza.
Kukamwa kwake kuziloza kuphiri.
Chala chikhale kunja kufikira ine nditanena."

Panali bambo wina wa ku Namiwawa, wa chipewa cha madontho,
amene anati adaphapo nguluwe ili pa liwiro.
Ana ake awiri ankangoyang'ana nsapato zawo.

Ine mumtima ndinkati:
zaka makumi atatu ndikulowetsa ulusi pa singano
popanda mandala,
pepala lalikulu chonchi lingandithawe?
Ndinagona chafufumimba pa lona,
zigongono pa thumba la mchenga,
tsaya litatsamira mtengo wozizira wonunkha mafuta.
Ndinatsinzina diso limodzi.

Kasanu konse ndinawombera.
Kasanu konse fumbi linabuka pachulu,
chandamale chili mbee, ngati nsalu yosadulidwa.

"Mukutsomphola, a telala.
Mukukoka ngati mukulimbana ndi wangongole.
Pumani. Tulutsani theka la mpweya. Dikirani.
Kenako finyani pang'onopang'ono,
kulira kwake kukudzidzimutseni nokha."

Mtisunge sanalankhule kanthu.
Zotsekera m'makutu zinamukulira,
lilime linatuluka pang'ono monga amachitira pa masamu.
Pepala lake litabwera,
tinaona mabowo anayi ataunjikana pamodzi
ngati a batani la malaya.
Lachisanu linasochera m'mphepete.
Wa nguluwe uja anakhosomola, nayamba kudandaula za mphepo.

Esinati anali pansi pa mthethe, manja ali pamiyendo.
Atamuitana anapukusa mutu.
"Ine ndimadziwa mbali inayo,
kumene chipolopolo chimakafikira.
Ndadulapo malaya ndi sizasi, mwini wake akuitana mayi ake.
Bowo lake limakhala laling'ono ngati lomwelo,
koma thonje silikwana."

Ndinkayesa Bambo Khoromana amunyengerera.
Iwo anavula chipewa, nakhala pamwala pafupi naye.
"Inenso ndimakudziwa," anatero.
Panadutsa nthawi.
Nyenje zinkalira. Wina anatsegula botolo la fanta.

Kenako Esinati anadzuka, nasasa chitenje.
"Kuwombera ayi.
Mundionetse kuchotsa kwake zipolopolo."
Anamuonetsa.
Anatsegula, nachotsa, nasuzumira m'kati,
napisamo chala chaching'ono kutsimikiza.
Anabwereza kachiwiri, kachitatu, kachisanu ndi chiwiri,
nkhope ili ngati pamene amawerenga madontho a diripi,
mpaka manja ake anadziwa okha.

Pobwerera, pa Chirimba, mwana anagona paphewa langa
pepala atalikumbatira.
Khutu langa lamanzere linkayimbabe mluzu.
Palibe ananena kanthu kufikira Ginnery Corner,
pamene Esinati anafunsa ngati kunyumba kuli makala.

Pepalalo tinalikhoma pazenera la kuchipinda chochezera.
Dzuwa likamatuluka cha ku Bangwe
limadutsa m'mabowo asanu aja
n'kugwera pa makina anga akale osokera.
Esinati sanalichotse, komanso saliyang'ana.

Lolemba, pakhonde, mayi wina akudikira diresi la ukwati,
ulusi unakana kulowa kawiri.
Ndinapuma.
Ndinatulutsa theka.
Mayiyo anayang'ana wotchi.