Phula la Soya

Mabotolo asanu a mayonezi
ndinawatsuka, n'kuwayanika chozondotsa pazenera.
Phula ndinakagula kwa mayi wina ku Area 47,
kilo imodzi, loyera mbee, lopyapyala ngati mamba.
Mtengo wake bambo a Lonjezo sindinawauze.

Poto m'kati mwa poto, madzi pansi,
mbaula ili ngwee pakhonde kuno ku Kawale.
Akuti lisatenthe kwambiri.
Kwambiri wake ndi uti?
Choyezera ndilibe, ndili ndi chala,
ndipo chalacho chatuluka thuza.

Chingwe chinakana kuima,
chinkangodzandira ngati wochokera ku Chigwirizano usiku,
mpaka ndinachipana ndi mapegi a zovala.
Mafuta a mandimu dzanja linapitirira,
aNachisale n'kusuzumira pampanda:
"Mwayamba kuphika sopo, aneba?"

Kutacha, mmodzi anali atang'aluka pamwamba,
wina atakumba dzenje pakati,
wina akutuluka thukuta.
Ndinawabisa kuseri kwa ndowa.

Bambo anga analima soya ku Mitundu zaka makumi awiri,
kumugulitsa kwa mavenda pa sikelo yakuba.
Anapita osadziwa
kuti nyemba zija zimatha kuwala.

Lachinayi magetsi anazima dzuwa litangolowa.
Ndinatulutsa wa dzenje uja.
Machesi atatu.
Lawi linatsokomola, linapendekera ku chitseko,
kenako linakhala pansi ngati mlendo amene wazolowera.

Lonjezo sananene kanthu.
Anangokokera kope lake la masamu pafupi,
nanyambita pensulo,
napitiriza pomwe anasiyira.